Mlongo wanga wasankha zimbudzi

Lamulungu lapitali anandithamangitsa pamsonkhano wa banja. Aka n'kachitatu chaka chino, ndiye musavutike kundimvera chisoni.

Nkhani yake ndi iyi. Mlongo wanga Tiyese anakhoza giredi 12 mochititsa mantha, ndipo akufuna kukaphunzira uinjiniya ku yunivesite. Koma uinjiniya uli ndi nthambi: wa migodi, wa makina, wa malaiti, wa zomanga. Pafomu amafuna ulembe chimene waika patsogolo, ndipo mafomu atseka Lachisanu. Choncho titaweruka ku Misa, abale anadzaza m'nyumba mwa amayi ku Natuseko, muno mu Kabwe, ati kudzamuthandiza mwana kuganiza.

Ine anandiitanira kukabwereka mipando kwa aneba. Sukulu ndinalekezera giredi 9, ndipo ntchito yanga ndi kutsegula mapaipi a zimbudzi akatsekeka. Munthu wotere sapemphedwa nzeru, amapemphedwa mipando.

Anayamba ndi amalume a Sakala, fomu ili m'manja. "Migodi basi. Agogo ako anachoka ku Petauke kudzalowa mumgodi wa kuno. Ife magazi athu ndi a pansi pa nthaka."

"Mgodi uti, alamu?" anatero atate aang'ono a Benedikito. "Uja unatsekedwa mwanayu asanabadwe? Alembe makina. Ife ndife anthu a njanji."

"Njanji!" anabweza amalume. "Sitima yoti ukakwera ndi khanda, pofika ku Lusaka likuyenda lokha?"

Azakhali nawo anaponyapo lawo. "Ine chabe ndifuna chomveka bwino akamalengeza kutchalitchi. Ndiponso chikhale cha chipewa choyera chija cha mainjiniya, chithunzi tidzakhome apa."

Nthawi yonseyi mwini wake anali pansi pafupi ndi chitseko, akusenda mbatata. Palibe ngakhale mmodzi anamuyang'ana.

Mukundidziwa, mtima wanga suchedwa kuwira. Ndinaimirira. "Amalume, inu munalowamo liti mumgodi? Si inu mumagulitsa matayala akale ku Ngungu? Mukumusankhira mwana ntchito za anthu amene ali kumanda! Alembe malaiti. Nyumba iliyonse manje ikufuna sola, simukuona?"

Mwamva? Ine amene ndimakalipira anthu osankhira mwana, ndinali nditamusankhira kale changa.

Tiyese anaika mpeni pansi. "Akulu, nanunso khalani pansi. Pepala mukulimbiranalo ndi fotokope. Fomu yeniyeni ndinatumiza pafoni Lachiwiri."



"Walemba chiyani, mwanawe?" anafunsa amayi.

"Zomanga. Ndikufuna mbali ya madzi ndi zimbudzi."

"Mayo ine!" anakuwa azakhali. "Nzeru zonse zija ukazithire m'chimbudzi? Ku Misa tidzati chiyani?"

Amalume anandiloza chala. "Ndiwe wamuwononga ndi fungo lakolo. Tuluka!"

Ndinatuluka, ndi mpando umodzi m'manja.

Tsono ndikufunseni, inu makolo a muno mu Kabwe. Mwana akalephera, ndi wake yekha mlandu. Ine nditasiya sukulu palibe anaitanitsa msonkhano. Koma akangokhoza, mwana amasanduka munda wa banja, aliyense ndi mbewu yake m'thumba. Wina akufuna kudzutsa agogo ake, wina akufuna chithunzi cha pakhoma. Amene akakhale zaka zisanu akumenyana ndi masamu ndani? Inu? Akadzalephera chaka chachiwiri chifukwa mtima wake sunalipo, mudzabweranso ndi mipando?

Amalume analakwa pondinena. Tiyese sindinamuphunzitse kanthu, anandiphunzitsa ndiye. Dzinja lapitali chibowo cha mapaipi cha pamsewu wathu chinasefukiranso, zonyansa zikuyenderera mpaka pamene ana amasewera mpira. Ine ndinali kutukwana anthu otaya matewera m'chimbudzi. Iye anaima n'kuyang'anitsitsa, nati, "Akulu, si matewera okha. Paipi iyi anaiika nyumba zili zochepa. Onani kuchepa kwake, ndipo onani tikabini tonse tamangidwa kuseri kwa mayadi. Mungatsegule chaka ndi chaka, izisefukirabe."

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Koma amanena zoona. Ine ndimadziwa kutokosa, iye akufuna kudziwa chifukwa chake. Ameneyo ndiye injiniya, chipewa chikhale choyera kapena chobiriwira.

Mpaka lero azakhali samulankhula Tiyese. Amayi angoti, "Bola asasiye, monga wina." Winayo mukumudziwa.

Lachitatu m'mawa foni inalira. Amalume a Sakala, mawu ofewa ngati buledi wa lero. "Mphwanga, uli kuti? Kuno chimbudzi chabwerera m'bafa, alendo akubwera masana. Tathamanga."

Ndinati, "Amalume, itanani injiniya wa migodi. Zimbudzi nazonso zili pansi pa nthaka."

Anadula foni. Patapita mphindi zochepa anaimbanso, ndipo ndinanyamula zitsulo zanga, chifukwa amalume ndi amalume. Koma inu amene mumachita manyazi ndi mwana wophunzira za zimbudzi, tandiuzani: zanu zikabwerera m'bafa, mudzaitana chithunzi cha pakhoma?