Buku Lovala Zitenje

Ndimakonza mawotchi pa khonde la sitolo ina ku Old Town, pafupi ndi Msika wa Lilongwe. Masiku ano anthu amaonera nthawi pa foni, choncho ntchito ndi yochepa ndipo maso amapeza mpata. Khondeli timagawana ndi a Lawford, telala wa makina opalasa ndi mapazi. Mayi Tusekile Mwalwanda ndinawadziwira pa makina amenewo.

Kwawo ndi ku Karonga. Bambo awo ankaimbitsa kwaya, ndipo Chingerezi choyamba anachiwerenga m'mabuku a nyimbo omwe ankasungidwa m'nyumba mwawo. Ku Lilongwe anabwera atakwatiwa ndi a Norman, amene ankagwira ntchito ya boma ku City Centre. A Norman anapuma, tsopano amaweta nkhuku. Mayiwo akuphunzitsabe Chingerezi pa sekondale ina yoyendera, kutsidya kwa mlatho. Ndi aafupi, oyenda mofulumira, ndipo chikwama chawo chimaoneka cholemera kuposa iwo. Chichewa chawo chikadali ndi kamvekedwe ka kumpoto. Ana amawatsanzira akatembenuka, iwo amadziwa, ndipo nthawi zina amawakonza kuti atsanzire bwino.

Tsiku loyamba anafika ndi buku limodzi lonenepa ndi lezala.

"Achimwene, mapepala mumasoka?"

"Ndimasoka chilichonse choloweka singano, mayi, kupatula pakamwa pa makasitomala," anayankha a Lawford.

Mayiwo anakhala pa benchi n'kufotokoza. Kalasi yawo ya Fomu 4 inali yodzaza mpaka kukhomo, koma buku la nkhani yofunsidwa pa mayeso a boma sukulu inali nalo limodzi lokha. Kuwawerengera onse ali patsogolo anayesa, koma akumbuyo ankagona. Ndiye analiika bukulo pa bondo, n'kulidula kumsana ndi lezala, mutu uliwonse pawokha. Ine mtima unandiwawa poona buku likuchekedwa ngati nsomba. Iwo sanaphethire.

A Lawford anasokerera mutu uliwonse m'katoni, n'kuukutira ndi zidutswa za zitenje zotsala pa ntchito zawo. Buku limodzi linabala timabuku tambiri tovala bwino. Posakhalitsa ana anasiya kutchula manambala a mitu, n'kumaitchula ndi zithunzi za pa zitenjezo. Unkangomva akudutsa pa khonde: "Wa nkhanga uli ndi ndani? Ine ndamaliza wa maambulera." Lamulo la mayi Tusekile linali limodzi. Wotenga mutu agone nawo kwawo, ndipo asanaupereke kwa mnzake, aime, amufotokozere m'Chingerezi zimene wawerenga. Kenaka anabweretsanso ndakatulo ndi mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo, nazonso zinavekedwa.

Nkhani ya m'bukumo inali ya mkazi wamasiye amene alamu ake ankafuna kumulanda chigayo. Ine sindinaliwerenge, koma ndinaidziwa chifukwa ana ankakangana za iyo podikira minibasi. Mutu womaliza wokha mayiwo sankautulutsa mpaka mayeso atayandikira. Ankati mwana akadziwa mathero amasiya kuganiza. Chaka chonse kalasi inkagawikana, ena akuti chigayo chipita kwa alamu, ena akuti chitsala kwa mayi, ndipo aliyense ankayenera kuonetsa tsamba lomuikira kumbuyo.

Chaka chatha, mayeso atatsala pang'ono, anabweretsa mutu womalizawo kuti usinthidwe chikuto, chifukwa chakale chinali chitadyedwa ndi mphemvu. Atabwera kudzautenga, sunapezeke. A Lawford anakhuthula madirowa, anagwedeza mulu wa nsalu, anagwada kusuzumira pansi pa makina. Nthabwala zinawathera.

"Mungowauza pakamwa mmene inathera, mayi," anatero a Lawford. "Si mumaidziwa?"

"Kuidziwa ndimaidziwa. Koma mayeso amatenga ndime m'buku momwemo n'kumufunsa mwana kuti akuyankhula apa ndani, ndipo chifukwa chiyani. Mwana amene sanaone mawuwo ndi maso ake adzangoyang'ana kudenga."

Anazungulira masitolo a mabuku, bukulo linali litatha. Aphunzitsi anzawo a m'sukulu zina anawamvera chisoni, koma nyengo ngati imeneyo palibe amene akanalola buku lake lituluke pa geti. Ndinawaona atakhala pa benchi yathu, chikwama chili pansi.

Ndinafunsa a Lawford kuti chikuto chatsopanocho chinali cha nsalu yanji.

"Ya maluwa achikasu. Yotsala pa madiresi a ukwati a mayi Immaculata, a ku banki aja."

Atangotero anadzigwira pamutu. Telala woona mtima akamaliza ntchito amasonkhanitsa zidutswa zikuluzikulu n'kubwezera mwini nsalu m'jumbo. A Lawford anakokolola chilichonse cha maluwa achikasu chimene chinali pa tebulo. Mathero a nkhani anali atapita kwa mayi Immaculata ku Area 10.

Loweruka m'mawa tinakwera minibasi atatu. Ine ananditenga chifukwa misewu ya kumeneko ndimaidziwa, ndinkapitako kukakonza mawotchi a pakhoma. Ku Area 10 kulibe womufunsa njira. Kuli mipanda yaitali, mitengo ndi agalu. Titagogoda, geti inatsegulidwa ndi mayi wina wazaka za m'ma sate, atavala epuloni, manja ali thovu. Anati dzina lake ndi Efelo, wogwira ntchito za m'nyumba. Abwana ake anali atatuluka, koma jumbo ija anamupatsa iyeyo kuti adzasokere mwana wake kasiketi.

"Munalibe kabuku m'menemo?" anafunsa mayi Tusekile.

"Ka maluwa achikasu? Kalipo."

Anapita ku kanyumba kake kuseri. Pobwera anali atakagwira, koma atayandikira anakabisa kumbuyo.

"Ndi kanu, madamu?"

"Ndi ka ana anga a sukulu."

"Ndiye mundithandize. Ndakawerenga kangapo, mawu ena akundipitirira, koma ndamva. Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti mayi uja akulira chiyani m'khoti? Bambo uja anamulakwira chiyani? Munthu mungamupatse mchira wokha wa nkhani?"

"Bweretsani kuno, asisi, anthu tavutika," anatero a Lawford.

"Ndipereka akandilonjeza koyambirira kwake."

"Mwagwira katundu wa sukulu pinyolo?"

"Munandipatsa nokha, bambo. Sindinabe."

Mayi Tusekile anaseka mpaka kukhala pansi pa kapinga wa eni ake. Atapukuta misozi anafunsa Efelo kuti sukulu analekezera pati. Anati Fomu 2, kwawo ku Nsaru, bambo ake atamwalira. M'nyumba ya abwana munali mabuku ambiri, koma ntchito yake inali kuwapukuta fumbi, ndipo sanaganizepo zotsegula. Aka anakatsegula chifukwa kanabwera ngati nsalu.

"Chabwino," anatero mayiwo. "Koyambirira mulandira, ndi kotsatira komwe. Koma wagwira mutu saupereka mwakachetechete. Mudzaime pamaso pa ana anga, muwauze mwawerenga zotani. M'Chingerezi."

"Ine, madamu? Chingerezi changa ndi cha kukhitchini."

"Chomwecho. Ena mwa iwo ngakhale cha kukhitchini alibe."

Kabukuko tinabwerera nako tsiku lomwelo, koma mayi Tusekile sanakaonetse kwa mwana aliyense mpaka Lamlungu masana, nthawi imene Efelo amapuma. Ana anasonkhana pansi pa mtengo pa sukulu, ambiri akadali m'zovala za kutchalitchi. Ine ndi a Lawford tinakhala kumbuyo pa njerwa. Efelo anafika atavala diresi yake yabwino, n'kuima pambali pa aphunzitsi, akupinda ndi kupindula mpango m'manja.

Anayamba motsitsa. Mawu ena ankawathyola, ena ankawasaka m'mwamba, ndipo akasowa, mtsikana wina wakutsogolo dzina lake Shukuru ankamunong'oneza. Palibe anaseka. Onse ankafuna kudziwa za chigayo. Atafika pa chigamulo, Efelo anaima dala n'kuwayang'ana.

"Pitirizani, anti, tifa ife," anadandaula wina.

Ananena kuti khoti linapereka chigayo kwa mkazi wamasiye. Theka la kalasi linaimirira kuvina. Iye anakweza dzanja kuti sanamalize. Mayi uja, atawina, analemba ntchito alamu ake omwewo kuti aziyendetsa chigayocho, ndipo mwamunayo anavomera. Apo mbali zonse ziwiri zinayamba kunena kuti zinkadziwa kale. Efelo nayenso analowa mkanganowo m'Chichewa, akuti iye munthu wotero sakanamupatsa ngakhale tsache.

Mayi Tusekile anawasiya akangane pang'ono, kenaka anatsegula kabukuko n'kukapereka kwa woyamba pa mzere. Aliyense anawerenga ndime yake mokweza, kakuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kumbuyo. Masiku otsalawo kanagona m'nyumba zosiyanasiyana, ndipo tsamba la chigamulo ana analikopera pamanja m'makope awo. Efelo anabwerera ku Area 10 ndi mutu woyamba m'chikwama. Panopa amabwera pa khonde pathu akatumidwa ku msika, kudzasinthitsa, ndipo alamu aja sanawakhululukirebe.

Tsiku la mayesowo aphunzitsi a phunzirolo saloledwa kuyandikira chipinda cholembera, choncho mayi Tusekile anadzakhala nafe. Anagula chinangwa chootcha koma sanachidye. Ankangofunsa nthawi, ine n'kumawaonetsa wotchi yomweyo.

Dzuwa litapendeka tinaona mayunifomu akuwoloka msewu. Shukuru anali patsogolo, akuthamanga pakati pa maminibasi.

"Madamu, yabwera. Ndime ya m'khoti ija, yonse."

Mayiwo anatseka maso kanthawi. "Ndiye unayankha?"

"Ndinadzaza masamba. Ndinayamba ndi kunena kuti..."

"Ayi, ayi, usandiuze," anatero akutseka makutu ndi manja onse awiri, uku akuseka. "Ndingapeze cholakwika, usiku osagona. Tenga chinangwachi, ugawane ndi anzako."