Midzi Iwiri ya Mkamwini mu Kompyuta

Sabata yatha ndinatsala pang'ono kuthamangitsa alendo ndi tsache.

Pa kachipatala kamene ndimalembera odwala, kompyuta ili ndi pulogalamu imene anatisiyira bulaza wina wa mishoni asanabwerere kwawo. Imagwira ntchito, koma ukati uwonjezere kanthu, china chimafa. Ndiye asisitere otiyang'anira anaitana akatswiri awiri ku Blantyre, a Namakhwa ndi mayi Chitsulo, kuti adzaikonze.

Ataigwiragwira masiku angapo, ndinaiyatsa. Nkhope yomweyo, mabatani omwewo. Ndinafunsa chimene asintha. Mayi Chitsulo anati akonza mkati: malamulo amene bulaza analemba mopiringizana awamasula, obwerezabwereza awaphatikiza. Akuti ndikaona kusintha kunja, ndiye kuti alakwitsa.

Mwamva zimenezo? Ntchito yabwino ikhale yosaoneka? Ine mutu unaima.

China n'chakuti mmodzi akalemba, mnzake amawerenga mzere ndi mzere kusaka zolakwa. Ine munthu atandiimirira kumbuyo choncho, mpando ungauluke.

Lachinayi ndinawamva akukokana. Mayi Chitsulo anali atapeza kuti mu pulogalamuyo wodwala wamwamuna aliyense ali ndi malo awiri olembapo mudzi. Anati kumeneko n'kubwereza, nachotsa amodzi. Anandifunsa ndithu, ine n'kugwedeza mutu osamva chimene ndikuvomera. A Namakhwa powerenga anakana.

"Achemwali, bwezerani. Ine ndine mkamwini ku Mpama. Matenda akakula, akuchikazi amanditumiza kwathu ku Likoswe. Nanga inu mukandifuna kuti?"

Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndinavomera chija. Azaumoyo athu akamatsatira wodwala TB amene wasiya kudzatenga mankhwala, amayamba kuchikamwini, akamusowa amapita kwa amayi ake. Masiku omwewo tinkasaka bambo wina wokwatira ku Magomero. Mudzi wachiwiriwo ukanafufutika, njinga ya azaumoyo ikanabwerera pachabe, iye n'kumatsokomolera ana kwinako.

Mayi Chitsulo sanakwiye. Anathokoza, nabwezera, nalembapo chifukwa chake kuti wobwera mawa asadzachotsenso. Kenaka awiriwo anakadya chimanga chootcha limodzi. Izinso sindikuzimvetsa.

Kwathu kuno watsopano aliyense, kaya mu komiti ya mjigo kaya ya sukulu, amafika ndi chikwanje. Zimene wazipeza zonse n'zopusa, safunsa kuti anaziikiranji. Ukamuuza kuti apa walakwa, pa maliro ako sadzabwera. Ena ife timangoopa kukhudza chilichonse chakale mpaka chiwolere m'manja. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Chabwino, koma ndani amayang'ana pamene akumetapo?

Asisitere andifunsa ngati alendowo apitirize. Ndati apitirize, koma asandifunse chimene akuchita, chifukwa mpaka pano sindikuchiona.

Bambo uja wapezeka dzulo kwa amayi ake, wayambiranso mankhwala. Pulogalamu ikuoneka monga kale.

Nanga inu, alipo amene amawerenga mizere yanu? Akakupezerani cholakwa, mumadya naye chimanga kapena mumagwira mpando?