Dzenje lija likukwiririka, amama

Amama, lero ndinapita kumunda kwathu ku Mlolo kukaona mtedza, ndipo ndinaima pa dzenje lija la nthawi ya nkhondo, limene asilikali anakumba zigawenga zikudumpha malire kuchokera ku Mozambique. Latsala pang'ono kutha. Mvula ikukokololeramo dothi chaka ndi chaka, ndipo alongo anga akuti alimapo ndi ng'ombe chifukwa malo achepa. Ana awo akufuna kudya, dzenje silidyetsa munthu. Ndinangokhala m'mphepete mwake n'kukumbuka tsiku lija tikupalira, ine ndili ndi pakati poyamba, ndikukuuzani kuti ndikuopa, kulera sindidzakutha. Munaponya khasu, n'kutsikiramo ndi chitenje chanu chatsopano, n'kugwada mutaweramira pansi. Munati, "Ona, mfuti zikayamba kulira ndinkathawira muno n'kuwerama chonchi, iwe uli kunsi kwanga, bere lili m'kamwa kuti usalire. Kunja kukuphulika, iwe n'kumangoyamwa ngati palibe kanthu. Usaope mwana wanga, mwana amabisika." Munatuluka chisoso chitakakamira chitenje chonse, tinaseka mpaka misozi.

Koma matenda atakupezani, amama, ndinakhala pambali pa bedi lanu kuchipatala ku boma, ndikuyang'ana uku ndi uku, dzenje loti ndikubisenimo sindinalione. Ndinangokugwirani dzanja mpaka linazizira. Mdzukulu wanu uja tsopano ndi wamtali kundiposa, ndinamulera monga munanenera. Mwana amabisikadi. Nanga mayi, munthu angamubise kuti?