Tambala Amene Sanachinjidwe

Mng'ono wanga atamwalira anasiya mwana mmodzi, mtsikana. Mwa mwambo wathu mwanayo anali wa mbumba yathu kuno ku Mlangeni, koma bambo ake anapita naye ku Manjawira komwe anali ndi golosale, ndipo ife sitinalimbane nawo. Alamu angawo anali Msilamu, munthu wofatsa, wosachulutsa zonena, ndipo mng'ono wanga analowa Chisilamu pokwatiwa nawo. Ine ndi pakamwa pangapa ndinalankhula zambiri nthawi ya ukwatiwo, zina zoti sindingazibwereze pano. Choncho maliro atatha sindinadabwe kuona kuti mwana sakubwera kwathu.

Ndinapempha, kupempha, kutuma anthu, mpaka chaka china alamu analola kuti mwana adzadyere Khirisimasi kwathu. Anali atangoyamba kumene sukulu. Anabwera naye okha pa basi, ndipo tili chilili pamsewu pomwepo anandiuza chinthu chimodzi chokha: nyama iliyonse imene mwana angadye ikhale yochinjidwa ndi Msilamu. Anati akaona kuti zayenda bwino, azimutumiza chaka ndi chaka.

Ndinayankha mothamanga, mwina monyadanso. Ndinati zimenezo si zochita kundiuza. Pamsewu wathu panali telala wina wachisilamu amene anthu ankamupititsira nkhuku kuti achinje pakakhala alendo otere, ndipo kuchokera kwathu unali mtunda woti madzi a tiyi sangazizire. Alamu anangogwedeza mutu, nakwera basi yobwerera.

Mwanayo anandigwira mtima tsiku loyamba lomwelo. Kayendedwe ndi ka mayi ake, kuseka kophimba pakamwa ndi dzanja ndi kwa mayi ake. Ankanditchula kuti amayi, osawonjezera kanthu. Ana anga anamulanda, uyu akufuna agone naye, uyu akufuna akamuonetse mbuzi. Ine ndinati Khirisimasi imeneyi mwana wa mng'ono wanga adzaisimba mpaka kukalamba.

Ndinapita ku Lizulu ndi khadi ya chipani pa mfundo ya chitenje, poti masiku amenewo wopanda khadi ankabwezedwa pakhomo pa msika. Ndinagula kachewere, anyezi, matimati ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Mpunga unalipo kale, wonunkhira, umene msuweni wathu wina wolima kuchigwa anatitumizira. Kwathu kumtunda kuno mpunga unkalowa mumphika pa Khirisimasi basi, ana ankauyembekezera ngati nsalu yatsopano. Tambala naye analipo, wofiira, wonona, amene ndinkamuteteza kwa alendo chaka chonse.

Tsiku lenilenilo kunacha ndi mvula. Nkhuni zonyowa, utsi tho m'khitchini, khanda likulira kumsana, ndiponso ine ndinali wa kwaya woyenera kufika kutchalitchi anthu asanadzaze. Nditasuzumira panja ndinaona bambo a kunyumba atakhala pakhonde, akupukuta nsapato mwachifatse ngati kulibe ntchito padziko. Mtima unakwera. Ndinawakalipira monga ndinkachitira chaka chilichonse, kuti kodi tambala uja akudikira kuti adzizinge yekha? Iwo anadzuka, natenga mpeni, napita kuseri kwa khola. Ndinasosola nthenga ndine, ndinaduladula ndine, ndinakazinga ndine. Za telala sizinandidutse n'komwe m'mutu.

Ndinakumbukira ndili m'tchalitchi, pakati pa nyimbo. Ndinasiya kuimba pomwepo. Mnzanga wa pambali anandigwedeza ndi chigongono poyesa kuti ndaiwala vesi.

Pobwerera ndinawauza bambo a kunyumba panjira. Iwo sanaone chovuta. Anati nkhuku ndi nkhuku, mwana wamng'ono ngati ameneyo adziwa bwanji, nanga Manjawira ndi pafupi kuti nkhani ikafike? Ndinawazazira kuti alibe chisoni, koma kuzaza kwake kunali kwa pakamwa chabe. Mumtima ndinali nditagwirizana nawo kale. Tambala wina panalibe, ndipo ndinkaopa kuti ndikaulula mwana sadzapondanso pakhomo panga. Ndinasankha kukhala chete.

Ana kwathu ankadyera m'mbale imodzi yaikulu. Ndinapakula mpunga, n'kuthira msuzi wa nkhuku pamwamba ponse mpaka unalowerera pansi, monga ana amakondera. M'mbale ya akulu ndinachita chimodzimodzi. Kumbali imene mlendo wanga anakhala ndinaika ntchafu yathunthu, chinthu chimene ana anga anali asanachilawepo, poti zawo zinali zipalasiro, khosi ndi mapiko. Mwana wanga wamwamuna anaiyang'ana ntchafuyo ndi diso la nsanje, ine ndinamuyang'ana ndi diso loti ayerekeze.

Mtsikanayo anasamba m'manja, nanong'ona kapemphero kake, natambasula dzanja. Kenaka analiimitsa m'malere.

“Amayi, anachinja ndani?”

Anafunsa mopepuka, monga mwana wobwereza zimene anamuphunzitsa kunyumba. Sankandikayikira ayi. Bodza linali lokonzeka palilime, lakuti ndi atelala a pamsewu, ndipo akanakhulupirira. Ndisanamizire kuti unali mtima wabwino wokha umene unandiletsa. Ana anga anaona bambo awo ndi mpeni m'mawa uja, ndipo onse anali akundiyang'ana pakamwa kuti amve chimene mayi awo anene.

“Ndi abambo a pakhomo pano, mwanawe,” ndinatero. “Ndinaiwala ine.”

Anabweza dzanja pang'onopang'ono, nalipukuta pa diresi ngakhale linali lisanakhudze kanthu. Sanalire, sanadandaule. Anangosuntha n'kukhala chapatali pang'ono kuti anzake adye momasuka.

Apo m'pamene ndinaona kukula kwa chimene ndinachita. Si nyama yokha imene ndinamumana. Mpunga wonse unali utamira mu msuzi uja, wa ana ndi wa akulu womwe. Ndinathamangira kumphika, ndinapeza nkhoko zopserera basi. Kalanga ine! Mpunga wa kamodzi pachaka, mwana wamasiye wobwera kutali, ndipo panalibe ngakhale supuni imodzi yoti ndimupatse.

Ndinaphika kachewere mwachangu, ndi mchere ndi tomato, mumphika wina umene ndinautsuka ndi mchenga mpaka manja kuwawa. Pamene ankapsa anzake anali atamaliza kale. Anadyera yekha pakhonde, mvula ikudontha m'mbali mwa denga, ndipo atamaliza anagwada nathokoza. Kuthokoza kumeneko kunandipweteka kuposa kutukwanidwa. Tsiku lonselo ndinalusira aliyense, ana chifukwa chonyambita zala, bambo awo chifukwa chosandikumbutsa, galu chifukwa chodutsa pafupi. Onse ankadziwa kuti wolakwa ndi ndani.

Masiku otsalawo ndinayesa kufafaniza. Ndinamuphikira zitumbuwa, ndinamuluka tsitsi, ndinapita ndi nkhunda kwa telala uja kuti achinje mwanayo akuona. Ankadya, ankaseka, ankasewera fulaye ndi anzake. Koma pa chakudya chilichonse ankayamba wandiyang'ana kaye, osafunsanso ndi mawu.

Tsiku lodzamutenga, alamu anamufunsa pamaso panga kuti Khirisimasi wadya bwanji. Mwana anati wadya bwino, osawonjezera kanthu. Ndinaona kuti akundibisira, mwana wamng'ono kusenza mlandu wa munthu wamkulu, ndipo sindinapirire. Ndinawafotokozera zonse, za mvula, za mpeni, za msuzi, ngakhale zoti ndinafuna kukhala chete.

Anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo. Sanakweze mawu. Anathokoza kuti ndinanena zoona mwana asanadye. Kenaka anati mwana azibwera pa tchuthi cha nthawi yokolola, koma masiku a chikondwerero chathu azikhala kwawo, kuti asamatipatse ntchito yowonjezera. Bola akanandikalipira, ndikanadziwa poyankha. Ndinangoti chabwino alamu.

Tinawaperekeza kumsewu. Alamu anatsogola ndi bambo a kunyumba, akukamba za mitengo ya feteleza ngati palibe chachitika. Mwanayo anatsalira ndi ine, kachikwama kake kali pamutu. Basi itaonekera patali anandikoka chitenje kuti ndiwerame.

“Amayi, ndinalakwa kufunsa eti? Ndikanangodya, bwenzi ndikubweranso pa Khirisimasi.”

Ndinamuuza kuti ayi, sanalakwe, wolakwa ndine. Ndinabwereza, ndinamugwira mapewa onse awiri kuti andiyang'ane. Anavomera ndi mutu monga amachitira mwana waulemu akamauzidwa ndi wamkulu, koma nkhope yake sinasinthe. Basi inaima, bambo ake anamukweza, ndipo mwanayo anakhala mbali ya uko kopanda zenera loyang'ana kwa ife.