Tinsomba ta M'galasi la Bambo

Galasi lija linali la ngodya zinayi, lalikulu ngati ndowa, ndipo linali ndi mng'alu umene bambo anamata ndi phula. Analitola kuboma, kuseri kwa nyumba ya mzungu wina amene ankasungiramo nsomba zongoyang'ana. Mzunguyo atabwerera kwawo, bambo, amene ankamutchetchera udzu, analisenza mpaka kwathu ku Chia. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Munthu wokhala pafupi ndi chambo, n'kumaweta nsomba m'nyumba ngati nkhuku!

Chaka chimenecho bambo analembetsa zopita kumigodi ku Joni, monga ankachitira amuna ambiri nthawi ya atsamunda. Mpunga utawokedwa, ananditenga kupita kudambo, pa chithaphwi china cha matope akuda. Anavuula tinsomba tating'ono ngati chala changa, tija anthu amati timagwa ndi mvula chifukwa timapezeka pamalo pamene dzana panali fumbi. Tatimuna tinali tobiriwira, ta zipsepse zofiira psuu, tatikazi totuwa. Anakumbanso matope a pomwepo n'kuwayala pansi pa galasi.

"Uzitidyetsa, mwana wanga," anatero. "Ndikabwera ndidzatipeze tamoyo."

M'mawa mwake anapachika ukonde wawo pakhonde n'kunyamuka kukakwera lole ku Benga. Ine sindinalire. Ndinali ndi ntchito, ndipo m'mutu mwanga nkhani inali yachidule: tinsomba tikakhala moyo, bambo abwera.

Koma tinsomba take, matama! Ndinatiponyera gaga, tinangomuyang'ana akumira. Ndinatinyenyera kondowole, madzi anachita mbuu n'kuyamba kununkha, tiwiri tinayandama mimba m'mwamba. Ndinathamangira kwa atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Iwo anaseka kaye, monga mwa khalidwe lawo, kenaka anati timeneti sitidya chakufa, timafuna chinthu choyenda. Anandisonyeza phale la madzi a mvula kuseri kwa khola, mmene munkavinavina timphutsi ta udzudzu.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlimi wa udzudzu. Ndinkasefa madzi a m'phale ndi duku lakale la amayi, timphutsi n'kutsalira pansalu tikuphiriphitha, ine n'kutsukuluzira m'galasi. Mukanaona! Katambala kake, kansomba kakamuna kamene kanali ndi chipsepse chong'ambika, kankatambasula zofiira zake n'kuthamangitsa anzake, kenaka kumeza timphutsi, kumeza, mpaka mimba tantha. Ndinkagona chafufumimba pamkeka, mphuno itagunda galasi lozizira, fungo la matope ndi la chinangwa choviika zitasakanikirana m'nyumba.

Vuto linali lakuti a zaumoyo ochokera kuboma ankayendera midzi, akabudula a khaki, n'kumagudubuza chilichonse chosunga madzi. Ine ndinabisa mapale anga m'nthochi. Amayi atawapeza anawakhuthula onse.

"Iwe, ufuna udzudzu utimalize m'nyumba muno?"

Ndinadzigwetsa pansi. Ndinawauza kuti akupha bambo. Mawu oipa kwa mayi wako, koma ndinawanena, ndipo iwo sanandimenye. Tsiku lotsatira pochokera kumunda wa mpunga anabwera ndi chikho chovundikira ndi tsamba, nandipatsa osandiyang'ana. Munali timphutsi todzaza. Lero ndimaona kuti nawonso anali ndi galasi lawo: ukonde uja wa pakhonde. Atsibweni anaupempha kangapo, wawo utadyedwa ndi makoswe, koma amayi ankangoti, "Eni ake akubwera, achimwene, usiyeni pomwepo."

Mphepo ya mwera itayamba kuomba, zinthu zinasintha. Tinsomba tinayamba kupindika misana ngati nkhalamba, zofiira zija n'kufwifwa. Ndinawonjezera chakudya. Ndinayenda mpaka kumadambo akutali, mapazi atang'ambika ndi chisanu, kusaka zithaphwi zimene zinali zisanaphwe. Timphutsi tinkavina pamphuno pawo penipeni, ito osatsegula kukamwa. M'mawa uliwonse ndinkaopa kuyang'ana. Kotsiriza kufa kanali katambala ka chipsepse chong'ambika kaja, ndipo ndinakakwirira pansi pa ukonde, osauza munthu.

Palibe amene anandiuza kuti tinsomba timeneti sitiona mvula ziwiri. Timabadwa, kukula, kukalamba m'nyengo imodzi, ngakhale utatidyetsa bwanji. Bambo anakulira m'madambo omwewo, ankadziwa. Ankadziwanso kuti a kumigodi sabweza munthu chaka chisanathe. Nanga anandisiyiranji ntchito yosatheka? Mwina ankangofuna kuti ndisawathamangire pamsewu ndikulira. Ndakalamba ndi funso limeneli, ndipo masiku ena ndimawakwiyira ndithu, ngakhale nkhope yawo ndinaiiwala.

Galasi ndinakana kulitsuka. Madzi anaphwa, matope anauma n'kung'ambika, amayi analitulutsa n'kuliika kuseri, pansi pa tsindwi.

M'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera bambo wina wa ku Bua amene anapita limodzi ndi bambo anga. Anavala chipewa ndi nsapato zolira. Anakhala pansi pa mango ndi amayi ndi atsibweni, ine anandituma kumadzi. Zimene ananena ndinadzazimva nditakula: bambo anachoka kumgodi, anapeza mkazi wina, ndipo anamanga banja komweko. Tsiku limenelo sindinadziwe kanthu. Mlendoyo akutsanzika ndinamuthamangira mpaka kunjira, ndi kumugwira jekete.

"Mukabwerera, chonde musakawauze kuti tinsomba tinafa."

Anapisa m'thumba, nandipatsa switi. Ine ndinali nditadziwa kale mlandu wanga: bambo akuchedwa chifukwa ndalephera. Ndinasiya kudya bwino. Amayi ankaganiza kuti ndi njoka za m'mimba.

Kenaka mvula yoyamba inagwa, ija ya fungo la fumbi. Madzi a patsindwi anadzaza galasi kuseri kuja. Patapita masiku ndinadutsa pomwepo ndikuthamangitsa nkhuku, ndipo ndinaona tinthu tikuyenda m'madzimo, tating'ono ngati nsidze, tokhala ndi maso. Ndinagwada. Tinali tinsomba! Sitinagwe ndi mvula ayi. Mazira anali atagona m'matope ouma aja chilimwe chonse, kudikira madzi. Koma zimenezo ndi nzeru za lero. Tsiku limenelo ndinakuwa mpaka agalu anauwa.

"Amayi! Tabwerera! Tamoyo! Ndiye kuti bambo akubwera!"

Amayi anabwera manja ali ndi ufa. Anawerama, nayang'ana m'galasimo, ndipo anakhala chiweramire nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti aone nsomba. Atadzuka anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Tenga chikho," anatero. "Kasake chakudya, tili ndi njala timeneti."

Ndinathamangira kudambo ndikuimba. Pobwerera, chikho chili m'manja, ndinakumana ndi atsibweni panjira atasenza ukonde wa bambo paphewa. Amayi anali ataima pakhonde, pafupi ndi msomali wopanda kanthu. Atsibweni, munthu wa nthabwala zosatha, anandipatukira njira osaseka. Ine ndinasangalala, poganiza kuti akukausoka kuti eni ake adzaupeze uli bwino.

"Atsibweni," ndinawakuwira, "mukausoke msanga, akubwera!"