Zigamba za Wapampando

Ndasoka zovala pakhonde la sitolo ya mlamu wanga kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Makina anga ndi opalasa ndi phazi, lamba wake ndamulumikiza ndi waya kambirimbiri. Kuseri kwa sitoloyo kumadutsa mtsinje, ndipo unkanunkha moti makasitomala ndinkawayeza m'chiuno atagwira mphuno.

Anthu a m'dera lathu atagwirizana zoyeretsa mtsinjewo, anandisankha kukhala wapampando wa komiti. Sikuti nzeru zinandichulukira ayi. Ndinali ndi jekete, komanso pakamwa. Pamsonkhano woyamba ndinayankhula ola lathunthu. Ndinadzudzula otsuka magalimoto, ogulitsa nyama, mpaka amayi otaya matewera a ana.

"Wotaya zinyalala mumtsinje tizimuimika pamaso pa anthu onse, afotokoze yekha!" ndinatero ndikumenya tebulo.

Anthu anawomba m'manja. Mkazi wanga anangoyang'ana kudenga.

Loweruka m'mawa anthu analowa m'madzi ndi mafosholo ndi ndodo zangowe. Ine ndinaima pamtunda, ntchito yanga kuloza. Pansi pa mlatho madzi anali atangoima, akuda bii, chinachake chitatseka njira. Amuna anayi anakoka, kunatuluka saka lotupa. Kenako lina, ndi linanso. Lachisanu linaphulika pamchenga.

Aphunzitsi a kusukulu ya mkaka anatola kachigamba n'kukatsukuluza.

"Iii, si nsalu ya diresi langa la paukwati wa achemwali iyi?"

"Iyi ndi yunifolomu ya mwana wanga," anatero mayi wina.

Wometa tsitsi anatukula chinthu chachitali. "A Wapampando, buluku lija munati mwangofupikitsa pang'ono, mwendo wake ndi uwu."

Ndinati mwina ndi telala wina. Dera lathu lonse telala ndi mmodzi.

Zoona zake n'zakuti masaka a zigamba ndinkawaunjika kuseri kwa sitolo, m'mphepete mwenimweni, ndikumati ndiwachotsa mawa. Mvula ikagwa ndinkapeza palibe. Sindinafunsepo kumene ankapita, ndinkangoti mvula ya chaka chino ndi yabwino.

Anandiimika pamaso pa anthu, monga mwa lamulo langa. Mlamu wanga, mwa chikondi chake, anabweretsa kreti kuti ndikwerepo, akumbuyo andione bwino. Kufotokoza kwanga sikunakwane mphindi imodzi.

Paudindo sanandichotse, chifukwa palibe ankaufuna. Anangondipatsa jombo ndi wilibala. Kuyambira tsikulo Loweruka lililonse ndimalowa m'madzi mpaka m'mawondo, ndipo mtsinje ndaudziwa ndi mapazi: pamene pali dzenje, pamene pali mabotolo osweka, pamene paipi ya otsuka magalimoto inkatulukira asanakumbe dzenje lawo lolowetsa madzi pansi. Zigamba tsopano mkazi wanga amalukira zopondera pakhomo, ndipo akuti zimayenda malonda kuposa mabuluku anga.

Madziwo sanafike pomwa, asakunamizeni. Koma fungo lachepa, ndipo mwala wa pansi ukuoneka. Sabata yatha kunabwera mayi woyeza madzi ndi timabotolo take. Anawerama pamlatho n'kundikodola.

"Bambo, taonani, tinsomba tabwerera!"

Ndinawerama nawo, ndinagwedeza mutu, ndinati eya, n'tokongoladi. Sindinaone kanthu. Magalasi anga anagwera mumtsinje momwemo milungu itatu yapitayo, ndipo sindinauze munthu. Ndikudikira ndiwapeze ndekha, wometa tsitsi asanawapeze.