Tsiku limene ndinaphunzitsa za Polandi

Chitaganya chili pakati, ndinkaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ya mishoni ku Kafue. Wansembe wathu anali mkulu wa ku Polandi, wamtali, wodwala chifuwa. Chaka chilichonse ankalowa yekha m'kalasi kukauza ana za kwawo, koma chaka chimenecho mawu anali atamuthera. Anandiitana pakhonde, nandipatsa mapu awiri akale ndi timapepala tolemba pamanja.

"Aphunzitsi, mukawauze ndinu," anatero monong'ona. "Musakometse ayi."

Ndinakhoma mapu aja pabolodi. Pa oyamba Polandi analipo, dziko lalikulu ndithu. Pa achiwiri panalibe. Ndinafotokoza kuti maiko atatu oyandikana nalo analigawana, ndipo kwa zaka zoposa zana dzina lake silinkalembedwa pa mapu. Ana anaseka poyamba. Ankati dziko silingasowe ngati mbuzi. Nditawauza kuti anthu ake anakhalabe pompo, akulima, akukwatirana, koma akulamulidwa ndi alendo, kuseka kunatha.

Kenaka ndinawerenga kapepala komaliza. Kankanena kuti m'madera ena ana a sukulu ankakwapulidwa akakana kupemphera m'chiyankhulo cha olamulira, ndipo amayi awo ankawaphunzitsa Chipolishi mobisa kunyumba. Ndinaliwerenga mokweza, monyadira, ngati kuti ndinali mmodzi wa amayiwo.

Kumbuyo kunkakhala mtsikana wa ku Chanyanya, mwana wa msodzi, amene ankagona kwa azakhali ake m'tauni kuti aziphunzira. Anali wanzeru pa masamu koma wosakonda kuyankhula. Anaimika dzanja, ndipo sanafunse m'Chingerezi.

"Ba ticha, nanga ise mutimenyela chani tikakamba Chinyanja?"

Pa sukulu yathu panali lamulo loti mwana wa makalasi apamwamba akagwidwa akuyankhula chiyankhulo cha kwawo avale kathabwa m'khosi mpaka atagwira mnzake n'kumupatsira, ndipo amene tsiku lamuthera ali nako alandire zikoti zitatu. Wokwapula ndinali ine.

Ndinati zimenezo n'zosiyana. Anafunsa kuti zasiyana bwanji. Ndinati mayeso amabwera m'Chingerezi. Iye anangondiyang'ana, nakhala pansi. Belu linandipulumutsa.

Masana ndinabwezera mapu kwa wansembe, ndipo ndinamuuza zonse. Ndinkayembekeza kuti akwiya kapena aseka. Anatsokomola.

"Mwanayo wamva phunziro," anatero. "Ine ndaliphunzitsa zaka zambiri, sindinalimve choncho."

"Ndiye tichotse kathabwa, Bambo?"

Anapukusa mutu. Anati iye ndi mlendo m'dziko lino, kwawo sangabwerere chifukwa olamulira kumeneko sakumufuna, ndipo oyendera sukulu akamva kuti pano pakukambidwa za maiko olandidwa, adzati tikuphunzitsa ndale. Masiku amenewo mphunzitsi ankachotsedwa ntchito pa nkhani yochepa kuposa imeneyo. Ineyo makolo anga anachokera ku Nyasalande, ndipo ndinkadziwa kuti munthu wonga ine sankachedwa kukwezedwa sitima yomubwezera kwawo. Ndinali ndi mkazi woyembekezera.

Ndinapitabe kwa ahedi. Anandimvetsera akusenda nzimbe, nandiuza kuti lamulo si lawo, ndipo ana akalephera mayeso makolo adzabwera kwa ine.

Sabata yotsatira kathabwa kanathera pa mtsikana uja. Anzake anandiuza kuti sanayese n'komwe kukapatsira wina, ngakhale anamva ambiri akuyankhula Chinyanja ndi Chitonga pabwalo. Anabwera kutsogolo yekha, natambasula dzanja. Ahedi anali ataima pakhomo. Ndinakwapula mopepuka mmene ndikanathera, koma ndinakwapula, katatu. Sanalire. Anati "zikomo, ba ticha," m'Chinyanja momwemo, nabwerera pampando wake.

Mayeso anakhoza bwino, koma malo a atsikana ku sekondale anali ochepa, ndipo sanasankhidwe. Anabwerera kwawo ku mtsinje. Wansembe anamwalira Chitaganya chisanathe, tinamuika konkuno. Ine ndinaphunzitsa zaka zina zambiri, ndipo ahedi atatu osiyana anandipempha kuti ndibwereze phunziro lija pokumbukira malemuyo. Nthawi zonse ndinkati timapepala tinasowa. Tinali m'sutikesi mwanga.